Mbira ndi Mbewu ya Rayi

Padangokhala, kale pamene nyama zinkagwira makasu, Mbira ankakhala ndi ana ake atatu paphiri lozizira la miyala. Chimanga pamenepo chinkangofika m'mawondo n'kufiira, ndipo chaka chilichonse anawo ankatha miyezi akudya masamba okha.

Tsiku lina Dokowe, mbalame yoyenda maiko akutali, anatera pamwala kuti apume. Mbira anamupatsa madzi, ndipo iye anamusiyira mbewu yodzaza dzanja limodzi.

"Kumene ndachokera amaitcha rayi," anatero Dokowe. "Ndi m'bale wake wa tirigu, koma siopa kuzizira kapena nthaka yoguga. Ufa wake amaphikira phala ndi buledi woderako, chimera chake amafululira mowa. Musakumbe mapando, mungowaza."

Mbira anawaza, mbewu inamera. Zomera zina zitayamba kulowerera, anakonza thobwa n'kuitana dima kuti anzake adzamuthandize kupalira. Anabwera Nguluwe ndi Nungu, ndipo patsogolo panali Nyani, amene ankadziyesa katswiri wa ulimi. Mbira atapita kukatenga mtsuko wa thobwa, Nyani anayang'ana mundawo n'kupukusa mutu.

"Udzu wonsewu? Mayi awa ndi aulesi. Tiyeni, anzanga."

Makasu anagwira ntchito. Mbira pobwera anapeza munda uli mbee.

"Alamu, mbewu yanga ili kuti?"

"Mbewu iti? Ine ndinayamba kulima inu musanabadwe. Chomera chopanda phando ndi udzu basi," anatero Nyani.

Mbira anatula mtsuko pansi. Anawathirira thobwa lawo, ndipo iwo atachoka anafufuza munda wonse mpaka anapeza timitengo tochepa ta rayi mumng'alu wa mwala, momwe khasu silinalowe. Anatisamalira, ndipo pokolola anapeza kachikho kamodzi.

"Amayi, tiphikireni phala," anatero ana.

"Iyi si yodya, ndi yowaza."

Chaka chachiwiri sanaitanenso dima. Anazula zomera zachabe ndi manja, yekha, mpaka zala zinatupa. Anakolola lichero limodzi. Nyani podutsa anaseka.

"Mukadawetabe udzu uja, mayi? Mwina mukufuna kufolera nyumba."

Ana nawo anati, "Amayi, tsopano tiphikireni."

Mbira anaona mmene mwana wamng'ono anaondera, ndipo mtima unamuwawa. Anatapa dzanja limodzi n'kuphika kaphala. Kenaka anavundikira lichero.

"Yotsalayi si yodya, ndi yowaza."

Chaka chachitatu mvula inatha msanga, kuzizira kunafika chimanga chisanakhwime. Minda ya kuchigwa inauma, koma paphiri rayi inacha, ndipo Mbira anadzaza nkhokwe. Ana anadya buledi mpaka kukhuta.

Nyani anakwera phiri, nthiti zikuonekera.

"Alamu, ndamva kuti udzu uja umadyedwa."

"Umadyedwa. Khalani pansi."

Anamudulira buledi, n'kumupatsanso chikho cha mbewu. "Iyi mukawaze, musakadye."

"Mukundiphunzitsa ine ulimi?" anatero Nyani.

Potsika phiri analawa njere imodzi, kenaka ina, kenaka dzanja lathunthu. Pofika kwawo chikho chinali chopanda kanthu. Nyengo yowaza itakwana, Nyani anachita manyazi kukapemphanso. Anaponya khasu kutchire, ndipo mpaka lero alibe munda, amangoba m'minda ya ena.

Choncho, ana inu, munthu amene amatha kupirira njala mbewu ili m'manja ndiye amadzadyetsa banja lake.