Sakhwi ndi Manda a Nthochi

Kalelo, nkhondo ya azungu itangotha, njala inali pakhomo. Bwana Mkango wa ku Mangalande anali atatenga nyama kukasenza katundu kunkhondoko, nalonjeza kuti dambo lina lachonde adzapatsa osenzawo. Zinabwerako zochepa, nthiti zili pamtunda. Ndiye imvani chipongwe: Mkango anakhoma zikhomo m'dambomo, ati adzalamo fodya wake!

"Nanga anzathu anaferanji?" anadandaula Njati.

"Kuja chipolopolo sichinkasankha wanyanga kapena wazikhadabo," anatero Sakhwi, kanyama kamphuno yaitali kaja. "Tabwerako tili amodzi, eni nthaka. Ndisiyireni ine."

Mwambo unali wakuti wina akafera kutali, ankakwirira thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo. Sakhwi anadula mathunthu, nakwirira pakati pa zikhomo, n'kuunda mitumbira.

Fisi, kapitawo wa Mkango, anafika ndi antchito. "Manda a yani awa?"

"A Mbawala, achimwene, aja munawasiya panjira akudwala," anayankha Sakhwi. "Musaime. Limani, musaope."

Makasu onse pansi! Ndani angalime pamanda?

Mkango anasuntha zikhomo. Kutacha, mitumbira ina. "Awa ndi a Mbidzi, bwana, anafa ndi ludzu atasenza madzi anu," anatero Sakhwi. Mkango anasunthanso. Apo Sakhwi anabisala m'tchire ndi lipenga lotola kunkhondo, dzuwa lili paliwombo: peee! Antchito liwiro poyesa ndi mizimu, Fisi patsogolo. Mkango anabangula, anatukwana, koma bwana sagwira khasu. Anazula zikhomo zake, ulendo.

Sakhwi anaseka mpaka kugubuduka. "Anzanga, mvula yayandikira, tengani makasu! Muli nthochi zokhazokha umu."

Palibe anasuntha. Mkazi wa malemu Mbawala anagwada pamtumbira wa mwamuna wake. "Munawaitana ndi maina, a Sakhwi. Afika. Ndiye tiwalime pamutu?"

"Aa, mayi, anali masewera chabe!"

Sakhwi anakweza khasu. Pomwepo lipenga linalira chakumunsi kwa dambo, pang'onopang'ono, monga ankalizira poika maliro kunkhondo. Sakhwi anayang'ana pansi. Lipenga lake linali pamapazi pake.

Ine ndikafika apa mtima umandiwawa. Chaka chimenecho ana anagona ndi njala, ndipo m'dambomo simunakololedwe ngakhale chitsononkho. Lero ndi msitu, ndipo Sakhwi akamadutsa amathamanga osacheuka. Lonjezo la Mkango linapherezeradi: dambo analandira ndi osenza katundu, aja sanabwerere.