Mkamwini wa M'mawa Uliwonse

Kalekale, koma osati kale loiwalika, kunali mayi wina dzina lake Edesi amene anakasiya amayi ake, a Nankhoma, kunyumba yosungirako okalamba pamishoni ina. Amayiwo anali ndi matenda oiwalaiwala. Kumudzi ankapezeka m'minda ya eni ake akuitana ana amene anamwalira kale, ndipo anthu anayamba kunong'onezana za ufiti. Edesi anawachotsako miyala isanayambe kuuluka.

Loweruka lililonse ankakwera minibasi kukawaona. Amayi ake ankamupatsa moni ngati mlendo, n'kumufunsa ngati kwawo mvula yagwa. Poyamba Edesi ankalira pobwerera. Kenako misozi inaleka yokha. Ankafika, kupinda zovala, kukhala pang'ono, n'kunyamuka.

Mwezi wachitatu ali kumeneko, a Nankhoma anasiya kudya. Nthawi ya chakudya ikakwana ankafunda chitenje kumutu n'kutembenukira kukhoma. Ankangomwa madzi. Adokotala anawayeza osapeza kanthu. Antchito ena anawanyengerera, ena anawakalipira, wina mpaka anawatsina mphuno kuti atsegule pakamwa. Pamapeto pake anauza Edesi kuti alimbe mtima. Iye anati wamva, n'kupitiriza kupinda zovala.

Sabata yomweyo kunafika Mayi Nthala, namwino wopuma pantchito, kudzaphunzitsa antchito kasamalidwe ka anthu oiwalaiwala. Sanabwere ndi mankhwala. Anawauza kuti munthu amaiwala tsiku ndi chaka, koma ulemu umene anakula nawo umatsalira, choncho wokalamba akakana chinthu uyambe wadziwa kuti anali ndani asanadwale.

"Nambala ya bedi la agogowa mukuidziwa," anatero. "Nanga mudzi wa kwawo?"



Woyamba kuchitapo kanthu anali Lusiya, wochapa zovala. Anasiya zofunda zili m'beseni n'kukhala pakhomo la chipinda masiku awiri, akungoyang'ana. Anzake anamunena kuti wapeza njira yatsopano yozembera ntchito. Koma iye anaona chimene onse sanaone: agogowo sankafunda mutu chifukwa cha mbale, ankafunda akamva mawu a Yotamu, bambo wadazi amene anali atangoyamba kumene ntchito yogawa chakudya. Oyang'anira anamusamutsira Yotamu kukhitchini, mbale n'kubwera ndi mkazi. Agogo anasuzumira pansi pa chitenje n'kunong'ona kuti bambo uja akadali pompano, ndipo sanadye.

Wachiwiri anali Dorika, wosambitsa okalamba. Tsiku lake lopuma anakwera kabaza kupita kumudzi kwa a Nankhoma, ndipo njinga itathera pamtsinje anawoloka wapansi. Kumeneko anapeza mayi wina wokalamba amene anavinidwa limodzi ndi a Nankhoma. Mayiyo atamva za dazi anaseka mpaka kutsokomola. Anati kwawoko mpongozi sayang'anana ndi mkamwini, ndipo sadya iye ali pafupi, kufikira mkamwiniyo atabwera ndi mphatso n'kugwada kuti amasukirane. Mwamuna wa Edesi anali wadazi. Anakwatira m'tauni, ndipo mwambowo sanauchite.

Edesi atauzidwa anangogwedeza mutu. Mwamuna wakeyo anali atamwalira zaka zinayi zapitazo. Anadikira kuti mtima umupweteke, koma sunapweteke.

Wachitatu anali Yotamu mwini wake. Iye anali mkulu wa mpingo, ndipo anakana kuti sangavale dzina la munthu wakufa n'kunamiza wokalamba. Koma atasuzumira pazenera n'kuona mmene manja a agogowo anawondera, anapita kunyumba kukatenga chitenje chatsopano cha mkazi wake. Linali Loweruka, Edesi atakhala kumiyendo kwa bedi. Yotamu anagwada pakhomo n'kukankhira chitenjecho kutsogolo.

"Apongozi, ndabwera kuti timasukirane."

A Nankhoma anavundukula mutu pang'onopang'ono. Anagwira nsaluyo, kuinunkhiza.

"Mwachedwatu, akamwini," anatero. "Mwana wanga mukumusunga bwino?"

Yotamu anayang'ana Edesi. Edesi anayang'ana pansi.

"Ali bwino, apongozi."

Agogo anadya phala lonse n'kupempha lina.

M'mawa mwake anali ataiwala. Anafundanso mutu, Yotamu anagwadanso ndi chitenje chomwecho, ndipo anadya. Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Anzake anayamba kumuitana kuti akamwini, akumufunsa kuti munda wa apongozi akalima liti. Iye ankayankha kuti maondo ake ndiwo akulima. Masaya a agogo anayamba kubwerera.

Tsiku lomaliza la maphunziro, Mayi Nthala anasiya lamulo limodzi: wokalamba aliyense akhale ndi munthu mmodzi womuzolowera, nkhope imodzi m'mawa uliwonse, chifukwa nkhope zambiri zimasokoneza munthu woiwala. Okalamba anali ambiri, antchito ochepa. Mwa atatu aja, mmodzi yekha ndiye anayenera kukhala ndi a Nankhoma, awiri otsalawo n'kupita kuzipinda zina. Anaitana Edesi kuti asankhe.

Edesi anakhala pabenchi ndi thumba la zovala pamiyendo. Lusiya ndiye anali ndi maso, ndipo matendawa mawa adzabweretsa chinthu china chimene chitenje sichingathetse. Dorika tsopano ankadziwa mayina a akufa onse a kumudziko ndi nyimbo za kumtondo, moti agogo ankacheza naye mpaka kuseka. Yotamu ndiye ankawadyetsa, koma njalayo inabwera ndi dazi lake lomwelo. Akamuchotsa, mwina agogo adzamuiwala n'kumadya okha. Mwinanso adzafunda mutu n'kumudikira mpaka kufa. Akamusiya, ndiye kuti bambo wopemphera azinama m'mawa uliwonse, ndipo Edesi azimva Loweruka lililonse mwamuna wake wakufa akunena kuti iye ali bwino.

Analowa m'chipinda kuti mwina nkhope ya amayi ake imuuza kanthu. A Nankhoma anamumwetulira, n'kumufunsa kuti ndi mwana wa yani.

Anatuluka. Atatu aja anali ataima pakhonde, Mayi Nthala atagwira cholembera.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, weruzani. Edesi asiye amayi ake m'manja mwa yani: mwa Lusiya amene anaona, mwa Dorika amene anakafunsa, kapena mwa Yotamu amene amagwada?