Cephas ndi Zitini za Simenti

Eneless ankakazinga nkhuku m'mbali mwa msewu waukulu pa Chinyunyu, ndipo mpeni wake unali utadutsa m'nkhuku zambiri kuposa zimene ena adzadye moyo wawo wonse. Ankagulitsa mitundu iwiri: za m'mudzi za nyama yakuda, ndi zoyera za m'khola zija zimene zimakula m'masabata ochepa. Mwamuna wake Cephas ankamuthandiza kusosola nthenga akabwerako kothamanga.

Kuthamanga kwa Cephas sikunali kwamasewera. Ine ndaona othamanga ku Ndola, ku Harare mpaka ku Nairobi, koma munthu wokwera chitunda akucheza ngati wakhala pampando ndinamuona ku Chinyunyu kokha. Anali woonda ngati bango. Namwino wina atamugwira pamkono anawerenga kawiri, osakhulupirira kuti mtima wa munthu wamoyo ungagunde modekha chotero. M'mawa uliwonse ankathamanga maola awiri ndi mlamu wake Luckson, mchimwene wa Eneless, ndipo kwa zaka khumi Luckson ankangoona msana wake.

Chaka chitangoyamba kunamveka uthenga wakuti mu Juni kudzakhala mpikisano wa makilomita makumi awiri ndi imodzi pa Rufunsa. Kochi wa kalabu ina ya ku Lusaka adzabwera kudzatenga munthu mmodzi, wopambanayo, ndipo adzamupatsa ntchito ndi nyumba. Cephas anali ndi zaka makumi atatu. Ankadziwa kuti khomo lotere silitseguka kawiri.

Anakwera basi kupita ku Lusaka kukagula nsapato zothamangira pa salaula, msika wa zovala zakaunjika. Akuziyesa, atapinda thalauza mpaka m'mawondo, oitanira mabasi anamuzungulira.

"Ba mudala, miyendo yanu munaisiya kuti? Iyi mwabwereka kwa udzudzu?"

Msika wonse unaseka. Pothawa chiseko chimenecho analowa m'nyumba ina yonyamuliramo zitsulo, mmene munali amuna a zifuwa ngati matumba a feteleza. Mmodzi anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kumuuza kuti kuthamanga mtunda wautali kumadya minofu. Cephas anameza mawu amenewo osatafuna.

Atafika kwawo anatenga zitini ziwiri za penti, n'kuzidzaza simenti, n'kulowetsamo mpaipi pakati. Kuseri kwa nyumba kunayamba kumveka kubuula m'mawa ndi masana. Mazira ankatha ngati kwalowa njoka. Nsapato anagula zija zinakhala pansi pa bedi mpaka akangaude anamangamo nyumba.

Luckson ankabwerabe m'mawa uliwonse n'kuima pakhomo.

"Alamu, tiyeni, dzuwa lisanatenthe."

"Pita wekha ukapitirize kuuma."

"Nanga chifuwa chimenechi adzakunyamulirani ndani pachitunda? Kapena tidzabwereke wilibala?"

"Seka lero. Mu Juni udzaona mphamvu."

Tsiku lina Eneless anamuitana pathebulo lake ladenga laudzu. Anaika ntchafu ya nkhuku ya m'mudzi ndi chidali cha nkhuku ya m'khola pambale imodzi.

"Atate a Natalia, taonani. Ntchafu iyi ndi yakuda chifukwa magazi amayendamo tsiku lonse. Mwini wake tinamuthamangitsa anthu anayi mudzi wonse, ife ndife tinayamba kutopa. Chidali ichi kukula ndiye chakula. Koma mwini wake akayenda kuchokera pano kufika pambaula paja, amakhala pansi kukamwa kuli yasa."

"Amake Natalia, mwandiyesa nkhuku?"

"Ndakuyesani mwamuna amene akufuna ntchito ku Lusaka. Minofu imene Mulungu anakupatsani ndi yakudayi. Zitini zanu nyamulani ngati mukufuna, koma kumsewu musasiye."

"Kazingani nkhuku zanu. Za mpikisano tisiyireni amene timazidziwa."

Eneless anabweza nyamayo m'mafuta ndipo sanayambitsenso nkhaniyo.

Tsiku la mpikisano Cephas anavula malaya pamzere woyambira, anthu n'kukweza mafoni kuti amujambule. Mapewa anali atatambasuka ngati chitseko cha tchalitchi. Wina anafuula kuti wopambana wadziwika kale, ena angopita kwawo. Likhweru litalira anatuluka ngati ng'ombe yaduka chingwe, ndipo makilomita atatu oyamba anali ake yekha.

Chitunda choyamba chinamufunsa funso limene mafoni sanafunse. Ntchafu zinayamba kuyaka. Thupi limene ankanyadira linasanduka katundu wa munthu wina amene wamusenzetsa popanda malipiro. Mpweya unkalowa ngati kudzera m'kabowo ka singano. Pakilomita yachisanu ndi chitatu anamva mapazi opepuka kumbuyo kwake, ndipo anawadziwa.

Luckson anachepetsa liwiro n'kuyenda naye limodzi.

"Alamu, tsatani mapazi anga. Pumani pang'onopang'ono, tikwera tonse."

Munthu amene ankasimba nkhani zonse za m'mudzi pachitunda analephera kunena ngakhale kuti pita. Luckson anamuyang'ana kamodzi, n'kuweramitsa mutu, n'kupita. Kwa nthawi yoyamba Cephas anaona msana wa mlamu wake, ukuchepa mpaka kuzimiririka. Ena khumi anamudutsa. Cephas anafika pothera mpikisano akuyenda, atagwira m'chiuno, anthu atasunga kale mafoni awo m'matumba.

Kochi uja anamupeza atakhala pansi pamthunzi wa lole.

"Ndinu ba Cephas? Ulendo uno ndinaupangira inu. Anandiuza kuti ku Chinyunyu kuli munthu woonda amene satopa. Munamusiya kuti?"

"Ba kochi, mundipatse chaka chimodzi. Ndibwerera m'thupi langa."

"Mpweya wa zaka khumi mwautaya m'miyezi isanu. Ukhoza kubwerera, sindikana. Koma malo anali amodzi, ndipo mwini wake wapezeka."

Patapita sabata Luckson, wopambana mpikisanowo, anakwera basi ya ku Lusaka pamaso pa thebulo la mlongo wake. Eneless anamukulungira nkhuku ya m'mudzi yathunthu. Sanalulutire, ndiponso sanalire. Basi itapita anabwerera kumafuta ake osayang'ana mwamuna wake, ndipo zimenezo zinamupweteka Cephas kuposa chiseko cha ku Lusaka.

Lero mukaima pa Chinyunyu mudzaona mwamuna wa mapewa otambasuka akukweza matumba a makala m'malole. Amakweza awiri pamene ena akulimbana ndi limodzi. Madalaivala amamugwira pamkono n'kumufunsa kuti, "Ba mudala, thupi lonseli, mumachita masewera anji?" Iye amangokweza thumba lina. Zitini zija tsopano zimagwira mitengo ya denga la thebulo la Eneless kuti mphepo ya malole isaligwetse, ndipo ntchito imeneyo zimaigwira bwino.

Amene amamuona koyamba amasirira. Amene tinamuona akukwera zitunda ali woonda timayang'ana kumbali. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.