Misangu ya Malemu Feliya

Ku Lisasadzi, munda wa mayi Feliya unkadziwika ndi misangu khumi ndi iwiri imene mayiwo anadzala akali mtsikana. "Masamba a msangu ndi feteleza wosalira kuponi," ankatero. Anthu ankangoseka, poti masiku amenewo makuponi a feteleza wotsika mtengo ankabwera chaka ndi chaka.

Mayiwo atamwalira, munda unatsalira mwana wawo Dailesi ndi mwamuna wake Nedisoni, mkamwini wolimbikira ntchito koma wosamva za mnzake. Misozi isanaume n'komwe, iye ananola nkhwangwa. Ankafuna mitengo yomangira chigafa chachiwiri choyanikamo fodya.

"Abambo a Tiyese, amayi anati mitengoyi tisaikhudze," anadandaula Dailesi.

"Apongozi anapuma, nafenso tipumeko ku malamulo awo. Kuponi ilipo."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuponiyo ndi ya pachala," anayankha Dailesi.

Nedisoni anagwetsa misangu isanu ndi itatu. Pofika pa wotsatira anapeza mkazi wake atautsamira. Nkhwangwa inabwerera paphewa, ndipo inayi inapulumuka.

Zaka ziwiri zinayenda bwino, mwamuna n'kumayenda chifuwa patsogolo. Chaka chachitatu fodya anagulidwa motchipa ku okushoni, ndipo dzina lawo linasowanso pamndandanda wa olandira makuponi. Anadzala chimanga chopanda feteleza. Kumene kunali zitsa, chimanga chinachita chikasu, chinalekezera m'mawondo, kaufiti n'kudzamalizitsa. Nedisoni akayang'ana ana ake atatu, mtima unkamuwawa, pakuti njala inali itaima pakhomo.

Koma pansi pa misangu inayi ija, pamene masamba ankayoyokera chaka chilichonse, chimanga chinabiriwira, china mpaka kubereka ziwiriziwiri. Nkhokwe sinadzaze, komabe ana sanagone ndi njala kufikira zokolola zina.

Tsiku lokolola, Nedisoni anavula chipewa pansi pa mtengo, manyazi ndi kuthokoza zitamugwira pamodzi.

"Amayi a Tiyese, ine ndinkayesa munthu akapita wapita. Taonani, apongozi akudyetsa ana anga ali m'manda. Ndiwathokoza bwanji?"

"Kumanda sikupita zikomo wapakamwa," anatero Dailesi, akumupatsa nyemba za msangu zimene anatola. "Zitsa zija zilipo zisanu ndi zitatu."

Mvula itagwa, Nedisoni anadzala yekha, mtengo pambali pa chitsa chilichonse. Ndithu, mawu a akulu akoma akagonera.