Batire Lomanga ndi Mphira

"Njingayi usaikhudze, Kambani," anatero a Chimkwita m'mawa umenewo. "Chitsulo chogwira batire chikugwedera, mabawuti ake aduka. Ndikukagula ena kumsika. Undidikire."

A Chimkwita anali a kabaza, ndipo njinga yawo inali ya magetsi, yoyenda popanda kupalasa koma yolemera ngati thumba la chimanga. Kambani, mwana wawo woyamba, anati, "Chabwino, ababa," maso ali pa kiyi. Anali nkhutukumve mwana ameneyu, ndipo ndikamukumbukira mtima umandiwawa mpaka lero.

Bambo ake atangokhota, Kambani anatenga mphira wodula ku chubu chakale. Kwathu kuno mphira timamangira chilichonse, kaya nkhuni, kaya mbuzi, kaya makala. Iye anati batire nalo n'chimodzimodzi. Anakulunga, kukoka, n'kumanga mfundo.

Amayi ake anatulukira atasenza zochapa. "Iwe, abambo ako anati chiyani?"

"Ndangomanga kuti lisagwe, amayi."

"Usaikwere. Wamva? Usaikwere!"

Amayi atatsikira kudambo, Kambani anaitana mlongo wake wamng'ono, Tinenenji, amene ankasewera pakhonde. "Tiye tikatole masuku kunkhalango. Tibwera asanadziwe."

"Ababa akana," kanatero kamtsikanako.

"Mantha basi iwe!" Anakanyamula n'kukakhazika pakaliyala.

Polowa m'nkhalango anakumana ndi mayi wina akuthamanga, nkhuni atazitaya. "Ana inu, bwererani! Kutsogoloku kuli njovu ya mwana!"

Kambani anaseka. "Iyi ndi ya magetsi, mayi. Palibe chingaipeze."

Njira ya m'nkhalango ndi ya mizu yokhayokha. Batire linkagunda gu, gu, gu, ndipo mphepete yakuthwa ya chitsulo chija inkadya mphira pang'onopang'ono. Kambani ankamva kugundako, koma sanaime.

Anaona ndowe zofuka nthunzi. Kenako nthambi zothyoka kumene. Kenako njovuyo, itatambasula makutu, mwana wake ali kumbuyo. Inalira mpaka mbalame zinabalalika. Kambani anatembenuza njinga n'kuithamangitsa ndi mphamvu yake yonse, ndipo njovu inayambadi kutsalira. Koma atagunda muzu wina mphira unaduka, batire linagwa pansi kuti khu, njinga n'kuzima. Anayesa kupalasa. Chinjinga cholemeracho chinatitimira mumchenga n'kugwa nawo. Nthaka inali ikunjenjemera.

"Achimwene, musandisiye!"

Diresi ya Tinenenji inali itakodwa m'masipoko. Kambani anakoka kamodzi kokha, n'kuthawa yekha.

Zimene njovu inachita sindinena. Amuna a m'mudzi anakamutenga Tinenenji atamukulunga m'mphasa.

A Chimkwita anafika ali ndi mabawuti atsopano m'thumba la malaya, n'kupeza maliro pakhomo pawo. Sanamumenye Kambani, ndipo bola akanamumenya. Atachoka kumanda anamutambasula dzanja n'kuikamo mabawutiwo.

"Ndinangoti undidikire," anatero. Kuyambira tsiku limenelo sanamutchulenso dzina.

Ana inu, kholo likati "usakhudze, undidikire," pindani manja mudikire, ngakhale mukuona ngati mungathe kukonza nokha. Kambani ali moyo, mumamuona akudutsa atazolika. Mabawuti aja akadali nawo, koma palibe njinga yoti awamangepo, ndipo palibenso womuitana kuti achimwene.