Khobidi la Bowo Lam'mbali

Pamsika wina wa kumudzi panali mmisiri wokhoma zidebe. Manja ake anali aluso, koma lilime lake linali lachibwibwi. Akati atchule mtengo wa ndowa, wogula ankayamba wakhala pansi. Anthu ankamuseka, ndipo iye ankadziona ngati chinthu chimene Mulungu anachipanga mothamanga.

Mmisiriyu ankatseka mabowo a zidebe za mudzi wonse, koma denga la nyumba yake linkadontha ngati sefa. Mvula inali pafupi, malata analibe.

Tsiku lina anamva kuti kwabwera munthu wogula ndalama zamakedzana. Anakumbukira kachitini ka malemu amayi ake, momwe munali makobidi akale aja obooka pakati. Atawakhuthula, anapeza kuti limodzi bowo lake silili pakati, lili cham'mbali. Zinamunyansa, pakuti munthu wokhoma zidebe sapirira bowo lokhala posayenera. Anatenga tupa kuti alikuze bowolo lifike pakati, khobidilo lifanane ndi anzake.

Mkazi wake anamugwira dzanja. "Bambo a Tiyese, si chidebe ichi. Lisiyeni momwe analisiyira amayi."

Anaika tupa pansi monyinyirika, ndipo khobidi lochititsa manyazi lija analibisa pansi pa anzake, n'kupita nawo onse kwa wogula ndalama uja.

Wogula uja anali munthu wosapupuluma. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anatenga makobidiwo limodzilimodzi, n'kumawayang'ana ndi kagalasi. Lina linali lopindika, lina lokandika, lina munthu analikhomapo msomali. Onsewo anawakankhira pambali, nati awa anavulala m'manja mwa anthu, mtengo wake ndi wochepa. Atafika pa lomaliza, la bowo lam'mbali lija, analitembenuzatembenuza pansi pa kagalasi kaja, kenako anafunsa:

"Bambo, mwalikhudza ndi chitsulo limeneli?"

"A-a-ayi."

"Mwachita bwino. Bowo la msomali limasiya m'mphepete mokhakhala. Ili ndi losalala, ndiye kuti linatuluka chonchi kumene linapangidwa. Otere ndi osowa, ndipo ndi amene ndimayendera."

Khobidi limodzi lija linagula malata a nyumba yonse. Mmisiri anagwira dzanja la wogulayo ndi manja awiri, misozi ili m'maso, nati, "Zi-zi-zikomo." Ena ananena kuti chibwibwi chamugwiranso. Ine ndimati anathokoza katatu: wogula, mkazi wake, ndi Mulungu. Mvula yoyamba itagwa, anakhala pakhonde n'kumamvetsera ikulira pamalata, m'nyumba muli gwa.

Abale ndi alongo, pali zipsera zimene dziko latipatsa, ndipo zimenezo tipite nazo kwa Ambuye atichiritse. Koma pali zina zimene tinabadwa nazo: lilime lolemera, msinkhu waufupi, mwendo wotsimphina, mtima wofewa umene anzathu amautcha kupusa. Timatha zaka tili ndi tupa m'manja, kudzipala kuti tifanane ndi anzathu. Khobidi lija linakwera mtengo chifukwa makina analakwitsa. Nanga inu, amene munaumbidwa ndi Mlengi wosalakwitsa? Iye amadziwa kusiyanitsa bala ndi chidindo cha dzanja lake. Ikani tupa pansi lero, ndipo mumuthokoze, ngakhale zikomo wanuyo atuluke mwachibwibwi.