Chimera cha Nangondo

Kalekale, tsiku lina la mvula, mlendo wina dzina lake Nasimango anaima pakhomo pa Nangondo, mwana ali kumbuyo.

"Mayi, ndibwerekeniko chofunditsa mwanayu."

Nangondo anayang'ana uku, anayang'ana uko. Chinalipo n'chikopa cha mbuzi chomwe anavindikira dengu la mawere. Anachotsa, napereka. Mlendo anathokoza, napita.

Koma denga linkadontha. Linadontha, linadontha, m'dengu momwemo.

Patapita masiku atatu, mawere onse anali atatulutsa timichira toyera. Nangondo anagwira m'mutu. Anali atamema kale dima, anthu adzamulimire munda, pakuti anali wamasiye. Mawerewo ndiwo anali oti adzaphikire olima. Anthu akabwerera ndi njala, munda ugona chaka chonse.

Kutaya sanataye. Anayanika padzuwa mpaka anauma gwa. Anabwereka mtsuko waukulu kwa a Nambewe, oyandikana nawo, naphika phala la timgaiwa tomwe anatsala nato. Phala likuzizira, iye akusinja. Anasinja, anasinja, nathira ufa wa mawere aja kuti phala lichuluke.

M'malo molimba, phala linasungunuka ngati madzi.

"Ndawononga," anatero. Anavindikira, nalisiya.

M'mawa olima anafika. Dzuwa litakwera, Nangondo anatula mtsuko kumunda, maso ali pansi.

Alamu ake, a Gwaza, anasuzumira. "Alamu, tikulima kapena tikudwala? Phala lake lomwera m'chikholi?"

Anamwa. Ananyambita milomo. Anatunganso.

"A Gwaza, odwala ndinu nokha?" anafunsa a Nambewe. "Chikho chiyende."

Chikho chinayenda. Phalalo linali lozuna ngati athiramo uchi, ludzu lonse balala. Makasu analira, nyimbo inabuka, munda unatha dzuwa lisanapendeke.

"Mwathiramo chiyani, alamu?"

"Chomera cha mawere," anayankha chapansipansi.

Chomera, chomera, mpaka dzina linakhala chimera, chija timathira mu thobwa.

Ukudziwa chifukwa chake, mwana wanga? Mbewu ikamamera, imasandutsa ufa wake kukhala zotsekemera, kuti mphukira iyamwe. Ngakhale uyanike, ngakhale usinje, luso limenelo siiwala. Ikapeza phala lofunda, imagwira ntchito yomweyo. Nchifukwa chake chooneka ngati chawonongeka usamafulumire kutaya.

Anthu atabalalika, Nangondo anabweza mtsuko. Anauika pakhonde pa a Nambewe, osagogoda. M'kati munali kamtolo ka chimera, kokulunga m'tsamba la nthochi.

Nthano yanga yathera pamenepa.